Ndinafunafuna Sitima Yotchedwa Fogero

Tsiku limenelo amayi ankaphika nyemba za kalongonda. Amene mumamudziwa kalongonda mukudziwa kuti safuna munthu wothamanga. Umamuwiritsa, nkutaya madzi, nkuthiramo ena, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ukamudya asanapse bwino mutu umazungulira ngati waledzera. Madzi oyamba anali atatayidwa kale. Ine ndinali pansi pa nkhokwe, maso ali pamphika, ndikunamizira kukonza msampha wa mbewa.

Abambo ndiwo ankasonkhezera moto. Kwathu mwamuna sankakhala pamafuwa, koma iwo sankatha kuona moto nkuusiya. Ankaika nkhuni imodziimodzi, nkuwerama kusuzumira pansi pa mphika ngati muli nkhani. Amayi ankawathamangitsa ndi chipande. Iwo nkubwereranso.

Kenako agalu a kutsidya kwa mtsinje anayamba kuuwa onse pamodzi. Kunamveka kuthetheka ngati nsungwi zikuphulika m'moto wa tchire. Koma sinali nyengo yotentha tchire. Inali nyengo yachisanu, mapira ali m'nkhokwe.

Abambo anaimirira. Anakuwa mawu amene ndinali ndisanawamvepo chibadwire: "Haraka!"

Tinathawa. Amayi anatenga mlongo wanga Nalima ndi dengu la makaka, chinangwa chathu chouma chija. Abambo anatenga bulangete ndi supuni yawo. Ine ndinatenga msampha uja. Mpaka lero sindikudziwa kuti ndinkati ndikatchera nawo ndani. Mphika unatsala pamoto.

Mudzi wathu unali m'dziko la Apwitikizi, kufupi ndi mtsinje wa Likungu, kutali kum'mawa kwa phiri la Mulanje. Tinkayankhula Chilomwe. Chinyanja ndikulembachi ndinachiphunzirira kuno, ndiye chikakhota pena mundikhululukire. Chinali chaka chomaliza cha nkhondo yoyamba ija ya Ajeremani, koma ife sitinkadziwa kuti nchomaliza. Tinkangomva kuti Ajeremani ndi asilikali awo akuda atsika kuchokera kumpoto, akulanda chakudya ndi kugwira anthu onyamula katundu. Angerezi ndi Apwitikizi ankawalondola pambuyo, nawonso akulanda chakudya ndi kugwira anthu.

Zaka zanga sindikuzidziwa. Ndinali nditavinidwa kale, mawu anga akusweka.

Abambo anali atangobwera kumene. Anachoka ndili wamng'ono, asipayi, apolisi a Apwitikizi aja, atawagwira kukagwira ntchito kudoko la Kelimane. Kumeneko analowa sitima yapamadzi. Anabwerera kumudzi mwezi womwewo umene nkhondo inatipeza. Anabwera ndi bulangete, chipewa chakuda chansalu ndi supuni yachitsulo. Khutu lawo lamanzere silinkamva. Kuyambira pachigongono kutsika, mikono yawo inali ndi tizipsera toyera tambirimbiri. Ankayenda atatangadza miyendo ngati nthaka ikugwedezeka.

Tsiku limene anafika anthu anadzaza pakhomo. Wina anafunsa kumene anali zaka zonsezi.

"Kunyanja yamchere, pasitima," anatero, nkudzimenya pachifuwa. "Fogero."

Tonse tinagwedeza mitu. Tinasunga mumtima kuti sitima yawo dzina lake ndi Fogero. Ine ndinkalitchula dzinali kwa anzanga ngati sitimayo ndi yathu, yangomangidwa penapake.

Anauzanso amayi kuti sitimayo inali ya Ajeremani. Amayi anakauza achimwene awo, monga mkazi aliyense kwathu ankachitira.

Achimwene awowo ndiwo amalume a Mukhoyo, eni mbumba yathu. Mudzi unali wa amayi ndi abale awo. Abambo anali mkamwini, munthu wobwera. Amalume anali afupi, ansangala, okonda fodya wam'mphuno. Sindinawamvepo akukalipa. Ankangofunsa mafunso uku akumwetulira, ndipo funso lililonse ankafunsa munthu wapambali, osati mwini nkhani.

Titathawa tsiku lija tinasonkhana kuseri kwa kaphiri, a mbumba yathu ndi ena a midzi yoyandikana. Amalume anati tilunjike kumadzulo, kudziko la Angerezi, kumene abale ena anapita kale kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Ananyamula Nalima paphewa nkumamuimbira. Msewu tinkaupewa. Tinkadutsa m'minda yokolola kale, mapesi akutikanda m'miyendo.

Mawa lake tinapeza mayi wina atakhala yekha pansi pa mtengo, atafungatira lichero lopanda kanthu. Mudzi wake unali utatenthedwa. Mwamuna wake anamangidwa chingwe m'khosi pamodzi ndi ena. Anatsagana nafe.

Tikuwoloka kamtsinje, ana ankachedwa pamiyala yoterera. Abambo anakuwanso mawu aja akuti "Haraka!" Mayiyo anagwetsa lichero. Anakhala pansi m'madzi momwemo, atagwira mutu.

Atamutulutsa m'madzimo, mayiyo anauza akazi anzake kuti asilikali amene anatenga mwamuna wake ankakuwa mawu omwewo. Abambo anali ataima chapatali, khutu lakufa lili kwa ife. Amalume anamva. Anatapa fodya, nkuyetsemula, nkufunsa amayi ngati mlamu wawo anafika kumudzi ndi njira ya kunyanja kapena ya kumpoto.

"Anafika ndi njira ya kuchitsime," anatero amayi, "monga aliyense."

Lero ndikudziwa kuti mawuwo ndi Chiswahili, otanthauza kuti fulumirani, ndipo kugombe la nyanja yamchere wantchito aliyense amakuwiridwa mawu amenewo. Nthawi imeneyo tinkangodziwa kuti mawu a m'kamwa mwa adani atuluka m'kamwa mwa abambo.

Kuyambira pamenepo malo a abambo pamzere anavuta. Akakhala patsogolo, anthu ankanong'ona kuti akutitengera kwa anzake. Akatsalira, ankati akusiya zizindikiro. Amalume anawaika pakati, mwamuna wina kutsogolo, wina kumbuyo. Anati nchifukwa cha khutu.

Moto nawo unawonjezera kukayikako. Makaka satafunika osawaotcha, ndipo ana ankalira ndi chisanu cham'mawa. Munthu wina anakoleza moto ndi masamba aawisi, utsi nkukwera woongoka ngati mtengo wa mlombwa. Abambo anathamanga nkuukwirira ndi dothi. Anakumba kadzenje, anasankha nkhuni zouma zopanda makungwa, nkukoleza wina. Unayaka wopanda utsi. Tinaotcha makaka. Onse anadya. Atakhuta anayamba kufunsana kuti munthu amakaphunzira kuti kubisa moto chonchi.

Tsiku lina tinagona chafufumimba m'bango dzuwa lili pamutu, asilikali akudutsa pamsewu chapafupi. Tinkaona miyendo yokha. Ena anali ndi nsapato, ambiri analibe. Onyamula katundu ankakhosomola. Nalima anatsekedwa pakamwa ndi nsalu. Atadutsa, abambo anati amva asilikaliwo akunena kuti apatukira kumpoto, choncho ife tilowere kumwera. Amalume anathokoza kwambiri. Kenako anatilowetsa kumpoto. Tinavutika m'dambo lamatope mpaka dzuwa kulowa. Sitinakumane ndi msilikali. Mwina ndi njira ya abambo sitikanakumananso naye. Palibe amene anapambana, ndipo manong'onong'o anapitirira.

Ine ndemwe ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Akapatukira kutchire ndinkatchera khutu. Ndinkayang'ana mitengo imene adutsapo. Zizindikiro ndinazipeza zambiri: khungwa losupuka, nthambi yothyoka, mwala pamwamba pa unzake. Panopa ndikhulupirira kuti zambiri zinali za anyani.

Kenako tinakumana ndi munthu wa kudoko. Nayenso ankathawa ndi banja lake. Anati anakhala zaka akusenza matumba a kokonati ku Kelimane. Amalume anamupatsa fodya nkumutengera pambali. Ine ndinali pafupi, ndikuzula minga kuphazi. Anamufunsa ngati amaidziwa sitima yotchedwa Fogero. Munthuyo anaganiza kaye. Anatchula masitima amene ankawadziwa, akupinda zala. Anati yotero kulibe, ndipo sinakhaleko.

Amalume anauza amuna onse. Anauza amayi. Abambo okha sanawauze. Palibe amene anapita kukhutu lawo labwino nkuwafunsa. Kwathu mkamwini sankafunsidwa pamaso. Nkhani yake inkakambidwa kuseri, iye nkungouzidwa zimene zagamulidwa. Nayenso mwana sankafunsa bambo wake kuti munali kuti.

Amayi anangochoka pamzere wa akazi nkumayenda kumbuyo kwa abambo, phazi paphazi. Kaya ankawateteza, kaya ankawalonda, sindinadziwe.

Ndiime kaye pamenepa ndinene za sitimayo, chifukwa inanditengera theka la moyo.

Kuwerenga ndinadziphunzitsa pa mabokosi a tiyi, nditalowa ntchito yolongedza kufakitale. Pamabokosi amalemba zilembo zikuluzikulu zokhazokha, ndiye kwa nthawi yaitali ndinkayesa kuti zing'onozing'ono nza ana. Nditazolowera ndinayamba kuwerenga chilichonse: nyuzipepala zokulungira nsomba, mabuku ong'ambika a kumishoni, zitini. Ndikaona chithunzi cha sitima ndinkathamangira kuchilembo choyamba cha dzina lake. Ndinkafunsa obwera ku Beira ndi obwera ku Joni. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha wonena kuti sitimayo anaionapo.

Tchuthi china ndinakwera sitima yapamtunda mpaka ku Chiromo, nditavala jekete yobwereka, kukafunsa madala amene anagwirapo ntchito pa masitima a mu Shire. Mmodzi anati Fogero anaiona ndi maso ake, yoyera, ya machumuni awiri. Ndinamugulira mowa. Chipanda chachiwiri chitatha, sitimayo inali yakuda, ya chumuni chimodzi. Ndinabwerako ndi malungo, jekete nditaing'amba pamkono.

Yankho linali kuseri kwa khoma la chipinda chimene ndinkalongedzeramo tiyi. Kumeneko kunali ng'anjo ya fakitale, ndipo ankaisonkhezera a Zuze, mdala wachisena wa ku Chinde. Tsiku lina ndinapitako kukaotcha chimanga, iwo atapinda mikono ya malaya. Ndinaona tizipsera toyera tambirimbiri, kuyambira pachigongono kutsika. Ndinafunsa. Anati nza malasha a pasitima, amathetheka ukatsegula chitseko cha moto. Kenako ndinafunsa ngati anamvapo za sitima yotchedwa Fogero.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anagwira khoma.

"Mwana iwe, ukufuna Fogero? Si uyu waima apayu?" Anadzimenya pachifuwa. "Ukwera? Bwera ndikubereke, tipite ku Kelimane."

Fogero ndi Chipwitikizi. Ndi munthu wothira malasha m'ng'anjo ya sitima. Abambo ankatiuza ntchito yawo.

A Zuze anandiuzanso kuti nkhondo itakula Apwitikizi analanda masitima a Ajeremani amene anali m'madoko awo, nkuwapaka utoto, nkuwapatsa mayina atsopano. Ankanyamula asilikali, mpunga, nyulu ndi odwala, kukwera ndi kutsika gombe. Kumoto kuja zolemba za pazitsulo zinatsala za Chijeremani. Antchito ake anali osakanikirana, a ku Chinde, a ku Kelimane, a kumpoto, ndipo ankatukwanana m'Chiswahili kuti aliyense amve. Ndinafunsa za khutu. Anati ndibwerezenso, koma ndiime mbali inayo.

Ndinafunsa ngati angaganizire dzina la sitima ya abambo.

"Ife apansi dzina tinkaliona nthawi yanji? Limalembedwa kunja."

Ndinabwerera kukalongedza tiyi, chimanga nditachiiwala pamoto. Sindinganame kuti zonse zinayera. A Zuze sankawadziwa abambo. Munthu akhoza kukhala fogero chaka chino, chaka chamawa nkukhala china. Chimene anachokera pasitima nkhondo isanathe sindikuchidziwa. Kaya anamasulidwa, kaya anathawa, kaya njira yobwerera inawadutsitsa pakati pa yani. Chimene ndikudziwa nchakuti pa mawu amene tinawagwira nawo bodza aja, sananame. Pamene ndinkamva zimenezi amayi anali atamwalira kale.

Tibwerere kunjira.

Phiri la Mulanje linaonekera m'mawa wina, lotuwa ngati mtambo wosayenda. Tinkalunjika ilo, ilo osayandikira. Makaka anatha. Tinadya zipatso zam'tchire ndi mbewa. Msampha wanga uja unagwira ntchito, ndipo kanali koyamba kuti anthu akuluakulu andiyamike.

Khanda la msuweni wa amayi linamwalira. Tinaliika pachulu, osalira mokweza. Abambo anafuna kukumba nawo. Wina anawalanda khasu mwaulemu.

Mayi wa lichero uja m'mawa wina anatembenuka nkuyamba kubwerera kum'mawa. Palibe amene anamuletsa.

Boma la Apwitikizi ku Milanje tinalilambalala patali. Pa mtsinje wa Muloza, pamalire, tinafika dzuwa lili paliwombo. Madzi anali ochepa, olekeza m'mawondo, ozizira ngati akuluma. Abambo ndiwo anawolotsa Nalima. Atamutsitsa tsidya lino anamupukuta mapazi ndi chipewa chawo.

Tsidya lino panali msasa waudzu, asilikali awiri akuda a Angerezi, ndi kapitawo wonenepa wovala kabudula. Pambali panakhala amuna ambiri, aliyense ndi katundu womanga patsogolo pake. Awa anali a tengatenga, onyamula chakudya ndi zipolopolo kupita kunkhondo komwe ife tinkachokerako. Kapitawo ankadziwa Chilomwe pang'ono. Anati akazi ndi ana adutse, malo aliko, minda ya azungu ikufuna manja. Koma gulu lililonse lolowa lisiyepo mwamuna.

Anayenda pamzere wathu akuyang'ana mapewa. Anaima pa ine. Anandifinya mkono, nkunena kuti uyu akadya ali bwino.

Amalume anatapa fodya nkupatsako kapitawo. Anamwetulira.

"Mwanayu ngwaulesi, bwana, akakutayirani katundu kutchire. Koma mlamu wangayu," analoza abambo ndi mlomo, "amadziwa chiyankhulo cha asilikali a kutsidyaku. Mufunseni."

Mawu amenewo anali ndi njira ziwiri, ndipo aliyense anaziona zonse. Msilikali mmodzi anatsitsa mfuti paphewa.

Kapitawo anayankhula kwa abambo m'Chiswahili, mokweza. Abambo anatembenuza khutu labwino nkuyankha. Anayankha nthawi yaitali. Ndinali ndisanawamvepo akuyankhula motalika choncho, ndipo sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Anatambasula mikono yawo. Anandiyang'ana ine, nkuyankhulanso. Kapitawo anaseka nkuwamenya paphewa. Msilikali anabweza mfuti.

Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Kapitawo anangouza amalume kuti wapeza munthu womuthandiza kuyankhula ndi onyamula a kugombe, ndipo gulu lathu lidutse lonse.

Abambo anabwera kwa amayi. Anawapatsa supuni ndi bulangete. Amayi anabweza bulangete. Abambo analiika pamutu panga. Podutsa pa amalume anaima, nkuyankhula m'Chilomwe, motsitsa mawu.

"Alamu, khutu langatu linafa limodzi lokha."

Amalume anayang'ana m'kachigubu kawo ka fodya.

Abambo anakakhala ndi a tengatenga. Titakwera kamtunda ndinacheuka. Anali akuyesa katundu amene anapatsidwa, akumukweza nkumutsitsa.

Tinayenda m'munsi mwa phiri mpaka ku Chinakanaka, kumene kunali abale a amayi amene anabwera kale. Anatiphikira phala lamchere. Nalima anagona chipande chili m'manja. Kunalibe mfuti. Anthu a kuno ankatiseka kayankhulidwe, nkutitcha dzina lina limene sindilemba pano, koma malo anatipatsa.

Mvula itayamba nkhondo inatha. A tengatenga anayamba kubwerera, owonda, ena ali ndi chifuwa chija chimene chinapha anthu ambiri chaka chimenecho. Amayi ankaima pamsewu nkumafunsa za munthu wosamva khutu lamanzere. Wina anati anamusiya akudwala pamsasa wina kum'mawa. Wina anati anamva kuti anatsikira kugombe nkulowanso sitima. Abambo sanabwere.

Amalume anakhala moyo wautali. Ndiwo anakandifunsirira mkazi, ndiwonso anavina kwambiri paukwati wa Nalima. Kaya pa Muloza paja ankapulumutsa ine, kaya ankapereka abambo, kaya zonse ziwiri, sanatiuze. Ifenso sitinawafunse.

Amene tinafika ndife amayi, Nalima, ine, amalume ndi mbumba yawo yonse, kupatula khanda lija. Pogawa malo, amalume anasonyeza amayi pomanga, pafupi ndi nyumba yawo, monga mwa mwambo. Amayi anagwada nkuthokoza. Kenako anasenza mitengo yawo, anawoloka khwawa, nkukamanga okha kutsidya. Amalume akabwera kudzawaona ankawalandira bwino. Ankawayalira mphasa panja, nkuwapatsa madzi akumwa. M'nyumbamo amalume sanalowemo mpaka imfa.